Oyilo wa Onelio Wasiya Kutsika

Onelio Barrios sankamwa khofi asanaone oyilo. M'mawa uliwonse ankatuluka malaya ali osamanga mabatani, n'kutsekula boneti ya galimoto, n'kuichirikiza ndi mtengo wa tsache. Ankasolola kachitsulo koyezera oyilo, kukapukuta ndi kansanza, kukabwezera, kukasololanso. Ankakayang'ana atakalozetsa kotulukira dzuwa, n'kutikita dontho pakati pa zala, pomaliza n'kununkhiza. Akatero m'pamene ankakuwa kuti, "Obdulia, khofi uja!" Ndipo mkazi wake ankayankha ali kukhitchini kuti, "Uza galimoto yakoyo ikuphikire."

Ine ndine Nicanor. Khonde langa layang'anizana ndi lawo. Ine ndi Onelio tinakulira limodzi, tinagwira ntchito limodzi kufakitale ya shuga, ndipo ndine ndinanyamula mwana wawo wamkazi pa ubatizo. N'chifukwa chake a Obdulia ndinkawatchula kuti alamu. Sindiyankhula kwambiri. Ndimakhala pakhonde n'kumaona.

Galimotoyo inali yobiriwira, yaikulu ngati bwato. Bambo ake a Onelio anaigula boma lisanasinthe. Pa za ku Amerika zimene inabwera nazo panatsala thupi lokha. Injini inali ya ku Rasha, pampu ya petulo inachokera pa thalakitala, ndipo m'mabuleki munali sopo wamadzi wosakaniza ndi kachasu wa nzimbe. Kuno ku Cuba sitifunsa kuti chinthu anachipangira ntchito yanji. Timangofunsa ngati chingalowe. A Obdulia nawonso anali m'gulu lomwelo. Magasiketi a galimotoyo, otseka polumikizira zitsulo kuti oyilo asadonthe, ankadula ndi iwo, pa katoni, ndi sizasi yawo yosokera.

Pa kachitsulo kaja panali mizere iwiri imene Onelio anaichekerera yekha ndi tupa. Injiniyo inkamwa oyilo, ndipo mwini wake ankadziwa kamwedwe kake. Kupita ku mzinda wa Ciego ndi kubwerako, oyilo ankatsika ngati utali wa chikhadabo. Sizinkamudetsa nkhawa.

"Nkhalamba yosamwa kanthu ndi mtembo," ankatero.

Kenaka impso za a Obdulia zinafooka. Madokotala ananena kuti azikatsukidwa magazi pa makina kuchipatala cha ku Ciego: lero apite, mawa apume, mkucha apitenso. Akaphonya, miyendo inkatupa ndipo mpweya unkawathawa. Basi inali itasiya kubwera kuno chitsekereni fakitale. Choncho moyo wa a Obdulia unakhala m'manja mwa injini ija.

Petulo ankapezeka movutikira, koma oyilo ndiye anasoweratu. Tsiku limene mkazi wake akupuma, Onelio ankakwera njinga, botolo la kachasu lopanda kanthu lili m'thumba, n'kumazungulira kwa oyendetsa mathalakitala ndi kwa anthu a njanji. Pena ankabwera ndi theka la botolo. Pena ankabwera ndi fumbi lokha. Tsiku lina ndinamuona akubwerera akukankha njinga, dzanja lina litagwira pachifuwa, milomo ili mbuu. A Obdulia anali pawindo. Nawonso anaona.

Patapita milungu ingapo, m'mawa wina Onelio sanaitanitse khofi. Anapukuta kachitsulo, kukabwezera, kukasolola, n'kubwerezanso. Kenaka anandikodola.

"Nicanor, maso ako akadali bwino. Ali pati?"

"Pa mzere wapamwamba."

"Dzulo tinali ku Ciego."

"Ndinakuonani."

"Ndiye bwanji sanatsike?"

Ndinati mwina ndi mwayi. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

Mlungu wotsatira oyilo anadutsa mzere wapamwamba. Onelio anatuma uthenga kwa Fermín, makaniko wa kuseri kwa tchalitchi, munthu wonenepa amene pakamwa pake sipatsekeka. Anabwera akutafuna nzimbe.

"Mdala, dziko lonse likulira kuti oyilo akutha, iwe ukulira kuti sakutha? Itana ansembe adzalembe kuti ndi chozizwitsa. Tiziika makandulo pa boneti."

"Usandiseke, Fermín. Oyilo sabereka."

"Zoona, sabereka. Akachuluka ndiye kuti walandira mlendo. Mlendoyo ndi madzi kapena petulo. Tiye tione kuti wabwera ndani."

Anayamba ndi madzi. Fermín anatsekula chivundikiro chothirira oyilo n'kuchitembenuza. Madzi akalowa, pansi pa chivundikiro pamayera ngati khofi wothira mkaka. Panali pakuda bii. M'rediyeta namo madzi anali pomwe Onelio anawasiya.

Kenaka petulo. Fermín anadontheza oyilo pa kachidutswa ka malata n'kuyatsa machesi. Oyilo wolowa petulo amalilima, ndiponso amakhala wamadzimadzi. Uyu sanayake. Fermín anamutikita pa zala n'kukwinya nkhope.

"Koma ndiye ngolimba. Kodi ukumudyetsa chiyani?"

Anamasulabe pampu ya petulo, chifukwa kachikopa ka m'kati mwake kakang'ambika petulo amatsetserekera m'injini. Kachikopako kanali kotopa koma kosabooka. Anadula kena pa jombo yakale n'kuikapo. A Obdulia ndi amene anamubwereka sizasi, ali chikhalire pampando wawo wogwedezeka.

Anayeza simenti imene galimoto inkaimapo, kuopa kuti mwina yapendekeka ndi mvula. Inali bwinobwino. Anayeza kachitsulo, anayeza kapaipi kolowetsamo kachitsulo. Zonse zinali m'malo mwake.

Ulendo wotsatira atabwerako, oyilo anali atakweranso.

Fermín anakanda mimba.

"Madzi ayi, petulo ayi, simenti ayi. Chatsala chitsulo chimodzi chimene sitinamasule."

"Chiti?"

"Dalaivala. Agogo, mumathira nokha n'kuiwala. Mawa mudzathira khofi, mkucha mudzathira mkazi."

Fermín anaseka yekha. Iye anabwera mochedwa m'tauni muno, sankadziwa za bambo ake a Onelio. Mkulu ameneyo nzeru zinamuthawa pang'onopang'ono. Anayamba ndi kuiwala kumene waika chipewa, anamaliza ndi kumufunafuna m'minda ya nzimbe, akuitana ng'ombe zimene zinafa kalekale.

Madzulo ake Onelio anawoloka msewu atanyamula botolo lake la oyilo. Munatsala pang'ono pansi.

"Sunga ili. Ndikabwera kudzalitenga, udzandiuze mawa lake kuti ndinabwera."

Ndinaliika pansi pa bedi. Sanabwere. Oyilo anakwerabe.

Ndinkayesa kuti zimenezi zimukhazika mtima pansi, koma ayi. Anayamba kufufuza m'nyumba mwake, m'khola la nkhuku, kuseri kwa thanki, kufuna botolo lina limene mwina analibisa n'kuiwala. Anawonda. Ankachotsa oyilo woonjezerayo ndi kapaipi, n'kumusunga m'chitini. Injini nayo inasintha mawu. M'mawa inkalira mochedwa ngati munthu wodzuka ndi chimfine, ndipo singano yosonyeza mphamvu ya oyilo inkakwera monyinyirika.

Tsiku lina anakhala pa sitepe ya khonde langa, osandiyang'ana.

"Dzulo pa mphambano ya msewu waukulu ndinaima, n'kudzifunsa kuti kodi ndayang'ana kumanzere kapena ndikungoganiza kuti ndayang'ana. Obdulia anali mtulo kumbuyo. Malole akudutsa."

"Unayang'ana."

"Iwe unalipo?"

Anapukusa mutu n'kupitiriza.

"Ngati mutu wayamba, sindingamunyamulenso. Ndipo ndikapanda kumunyamula ine, palibe."

Anadzuka movutikira, atagwira bondo.

Pali zinthu ziwiri zimene ndinali nditaona, koma ndinali ndisanazimange pamodzi. Choyamba chinali cha kukhitchini. Zaka zonsezi, dzuwa likapendeka, fungo la nthochi zokazinga linkawoloka msewu kuchokera kwa a Obdulia. Ngakhale atadwala ankamukazingirabe mwamuna wawo. Fungolo linali litasiya. Lamulungu lina anandiitana kudzadya, ndipo nthochi zinali zowiritsa, nyemba zakuda zopanda kunyezimira, mpunga wouma ngati mchenga.

"Alamu, mafuta sanabwere kusitolo mwezi uno?"

"Adokotala aletsa."

"Aletsa inu. Nanga uyu?"

"Idyani, alamu. Mwayamba liti kuyankhula?"

Koma ndinali nditawaona ndi maso anga akuchokera kusitolo ya boma, botolo la gawo lawo la mwezi lili m'manja.

Chachiwiri chinali utsi. Akanyamuka kupita ku Ciego, utsi wa galimoto unkatsalira pakhonde langa. Ndaupuma utsi umenewo zaka zambiri, ndimaudziwa. Masiku amenewo unkandipatsa njala.

M'mawa wa tsiku lopuma ndinawoloka msewu. Onelio anali ataima ndi kachitsulo m'manja, akukayang'ana ngati kamunamiza.

"Liza injini," ndinatero.

"Petulo ngochepa."

"Liza."

Analiza. Inatsokomola, kenaka inagwira.

"Tsika. Bwera kuno kumbuyo."

"Kukatani?"

"Zaka zonsezi umakhala kutsogolo. Utsi wako sunaumvepo."

Anabwera. Anawerama pafupi ndi paipi ya utsi. Anakoka mpweya kamodzi, n'kukokanso. Anaweramuka pang'onopang'ono.

"Nthochi," anatero.

Pa kachitsulo ankanunkhiza tsiku ndi tsiku, koma mphuno yake inkafunafuna petulo, ndipo munthu amamva chimene akufuna. Anakazimitsa injini n'kulowa m'nyumba. Ine ndinaima pakhomo.

A Obdulia anali akusankha mpunga patebulo.

"Obdulia, botolo la mafuta lili kuti?"

"Pomwe limakhala."

"Muli chiyani?"

"Mphepo."

"Mafuta anapita kuti?"

Anapitiriza kusankha mpunga.

"Tikabwerako ku Ciego umasiya boneti yotsekula kuti injini ipole, n'kugona pampando kukamwa kuli yasa. Msewu wonse umakhala mtulo. Ndimangothira pang'ono, ndi kapu ya khofi."

"Mafuta ophikira? M'injini?"

"Mafuta ndi mafuta. Suja unathira sopo wanga m'mabuleki? Suja lamba wa fani atadukira panjira unamanga ndi masokosi anga a ku tchalitchi? Pamenepo unali wanzeru. Ndikachita ine ndiye ndalakwa?"

"Mabuleki satentha ngati injini, mayi iwe! Mafuta amenewo akapsa amasanduka ulimbo!"

"Usandikuwire, nkhalamba iwe. Ndinakuona ukukankha njinga, nkhope ngati phulusa. Ukadzagwera m'ngalande ndi kabotolo kakoko, adzandinyamula ndani? Fermín? Ndinati oyilo akapanda kutsika, ukhala pansi."

Onelio anakoka mpando n'kukhala. Anaika kachitsulo patebulo, pafupi ndi mpunga.

"Unkachita kudzuka, utachokera pa makina, miyendo ikunjenjemera?"

"Ndinkagwira khoma."

"Ine ndimayesa ndayamba za bambo."

Manja a a Obdulia anaima.

"Za bambo ako?"

"Ndapereka botolo kwa Nicanor kuti andilondere. Ndafukula khola lonse la nkhuku."

"Ndinkayesa ukufuna mazira." Anamuyang'ana kumaso. "Zimenezo sindinadziwe, Nelo. Ukanandiuza."

"Iwenso ukanandiuza."

"Ukanalola?"

Anakhala choncho onse awiri, otopa ngati anthu amene asenza katundu mmodzi aliyense akukokera kwake. Kenaka a Obdulia anachotsa kachitsulo patebulo ndi zala ziwiri.

"Chotsa ichi, chikundidetsera mpunga."

Fermín atamva anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Mayi, mukanaponyamo ndi adyo yemwe! Tikanatsekula lesitilanti!"

Koma atamasula sampu, mphika wa pansi pa injini momwe oyilo amagona, kuseka kunatha. Munali phala lakuda lonanda ngati manyuchi opserera. Kasefa kokokera oyilo kanali katatsekeka, kutsala kabowo kolowa chala. Fermín anakaonetsa Onelio. Maulendo ena ochepa, injiniyo ikanauma pakati pa minda ya nzimbe, ndipo ina sikanapezeka.

Ntchito yotsuka sinali ya tsiku limodzi. Njira zonse za oyilo zinafunika kuzitsuka ndi parafini ndi kuzitokosa ndi waya. Tsiku la chipatala linafika injini ili yomasula.

Ndine ndinawaperekeza a Obdulia. Tinakwera ngolo ya hatchi mpaka pa msewu waukulu. Pamenepo tinadikira padzuwa, iwo atakhala pa chikwama. Inabwera lole yodzaza anthu oimirira. Anyamata awiri anawakweza ngati thumba, mayi wina anawapatsa ndowa yoti akhalire. Pobwerera zinali chimodzimodzi, kungoti tsopano analibe mphamvu ngakhale yogwira chitsulo. Anasanza kawiri. Njira yonse sanadandaule. Tikuyandikira kwathu anatsekula maso.

"Alamu, musakamuuze kuti ndinasanza."

Sindinamuuze. Anaona yekha. Anatuluka pansi pa galimoto, manja ali bii, n'kuwanyamula kuwatsitsa m'ngolo. Diresi lawo linada ndi zala zake, ndipo tsiku limenelo sanamukalipire.

Oyilo watsopano anabwera ndi Fermín, m'chigubu chopanda dzina. Palibe anafunsa kumene wachokera. Injini inalira, koma inatsala ndi kakugogoda kapansipansi kamene sikanachokenso. Fermín anakatcha Obdulia.

"Mukumumva? Akuti khofi wapola."

A Obdulia anaika lamulo lawo: njinga ayi. Anaimangirira ndi unyolo ku mwendo wa bedi. Kuyambira pamenepo kabotolo kaja kankayenda ndi Fermín, pena ndi ine. M'mawa wina Onelio anasolola kachitsulo n'kukuwa mokondwa ngati wapambana mpikisano.

"Watsika! Obdulia, watsika!"

"Zikomo kwambiri. Tiitane oimba?"

Madzulo ake fungo la nthochi linawolokanso msewu.

Sanaphonye tsiku la chipatala ngakhale limodzi. Injini inagogoda chaka chimenecho ndi chinzake, koma sinaime panjira. Chimene chinatopa ndi thupi. A Obdulia anamwalira nthawi ya mvula, tsiku lopuma, ali pampando wawo wogwedezeka.

Titachoka kumanda galimoto inaima pa simenti paja, ndipo sinayendenso. Onelio analibe kopita. Batire anabwereka wina, matayala anayamba kuphwa. Koma m'mawa uliwonse boneti inkatsekulidwa, mtengo wa tsache n'kuimikidwa.

Mwana wawo anabwera kuchokera ku Havana kudzamutenga. Onelio anakana kawiri, kachitatu mtima wake unamugwetsa m'bafa, ndipo sanakanenso.

M'mawa wa tsiku la ulendo ndinali pakhonde ndi kapu yanga. Onelio anatuluka atavala malaya oyera, nsapato zopolisha. Mwana wake anamukuwira kuti adetsa zovala, koma iye ngati sanamve. Anatsekula boneti. Inamulemera, anachita kuikankha ndi phewa. Anasolola kachitsulo, kukapukuta, kukabwezera, kukasololanso. Anakalozetsa kotulukira dzuwa.

"Nicanor, ali pati?"

Ndinawoloka msewu.

"Pansi pa mzere wapansi."

"Akudontha ili chiimire." Anayang'ana pa simenti, pomwe panali banga lakuda. "Palibe wothira."

Anatikita dontho pa zala. Kenaka anaika kachitsulo pamphuno, ndipo ananunkhiza nthawi yaitali kuposa masiku onse.

"Kakununkha oyilo basi," anatero.

Anakabwezera m'malo mwake, anachotsa mtengo wa tsache, n'kutseka boneti ndi manja awiri. Anatembenukira kukhitchini n'kutsekula pakamwa. Anakhala choncho pang'ono, kenaka anatseka.

Ndinamupatsa kapu yanga. Khofi anali atapola, koma anamwa.